Lachisanu Akudzatenga Mwana

Ku mapampu, nyumba nambala 3
Lolemba, 3 Malichi

Achemwali anga,

Muli bwanji kumeneko ndi ana? Ine thupi lili bwino koma mtima ayi. Ndikulemba mothamanga chifukwa adalaivala amene amabwera ndi mafuta Lolemba ndi Lachinayi akutsitsa migolo panjapa, akamaliza sadikira munthu. Ndawapempha akakusiyireni kalatayi pa shopu yanu yosokera.

Paja mukudziwa kuti alamu anu ali m'chipatala kuyambira tsiku lija anagwa pa masitepe achitsulo n'kuthyoka mwendo. Ndatsala ndekha ndi Katsitsi m'chigwa muno. Netiweki kulibe ngakhale mukwere pa thanki. Chimene chilipo ndi foni ya kampani yapakhoma, yakuda, yakalekale, yopanda ndi manambala omwe. Ili ndi kachogwirira m'mbali, mumachita kupukusa. Waya wake ndi umodzi, unalumikiza nyumba zisanu za kampani kuchokera ku damu mpaka ku ofesi, ndiye ikalira imalira konsekonse. Kamodzi ndi ya ku damu, kawiri ndi ya ku nambala 2, katatu ndi yathu. Bambo a Katsitsi anandiuza tsiku lomwe ndinafika kuti imeneyi ndi ya ntchito, ndisamaigwire.

Loweruka ndinaigwira. Inalira kawiri, si yathu, koma ndinati mwina akukamba za mwendo wa amuna anga. Amayankhula anali akapitawo a ku ofesi ndi bambo a ku nambala 2, amene akumabwera pa njinga kudzayang'anira makina m'malo mwa alamu anu. Achemwali, izi ndinamva ndi khutu langali:

"Mwana wa pa nambala 3 uja ali bwanji?"

"Sali bwino, bwana. Akungolira, akutentha, ndiye kukoka sakukoka."

"Nanga mayi?"

"Mayi watopa. Koma akhalebe mpaka mvula ithe, kenako tidzamuchotse."

"Chabwino. Mwanayo tidzamutenga Lachisanu la pa 14. Mwini wake anasayina kale."

Ndinakhala pansi foni ili lende. Pa nambala 3 mwana ndi mmodzi, mayi ndi mmodzi. Ndipo n'zoona Katsitsi akulira kwambiri masiku ano, thupi likumatentha, bere akukoka pang'ono n'kusiya. Anthuwa adziwa bwanji? Akumatisuzumira?

Chikundiopsa ndi ichi. Mwezi watha apongozi anabwera. Ananyamula kamkono ka Katsitsi ndi zala ziwiri, amvekere, "Ukum'dyetsa chiyani, mphepo? Mwana akulera mwana mnzake. Ndidzam'tenga ndikalere ndekha." Alamu anu anali pomwepo akukonza tochi. Sanachotse maso pa tochiyo.

Kodi kampani imathandiza anthu kulanda ana? Ndifunsireni kwa odziwa. Mukapeza kabulangete kakale ka ana anu munditumizireko, kuno kukuzizira.

Ndine mng'ono wanu.

*

Ku mapampu
Lolemba, 3 Malichi

Bambo a Katsitsi,

Mwadzuka bwanji ndi mwendo? Madokotala akuti chiyani? Kuno tilipo. Katsitsi akukusakani, akamva njinga akumatembenukira kukhomo. Nkhuku yoyera ija yaswa asanu ndi mmodzi.

Ndili ndi funso, musakwiye ndipo musandifunse kumene ndamva. Akuti mwana akudzatengedwa Lachisanu la sabata ya mawa, akutinso inu munasayina. Kodi ndi zoona? Nanga mayi atsala bwanji? Mundiyankhe Lachinayi, chonde, ngakhale mzere umodzi.

Ndine mayi a Katsitsi.

*

Kuchipatala, wodi ya abambo
Lachitatu, 5 Malichi

Mayi a Katsitsi,

Ndalandira kalata yanu, zikomo. Mwendo akuti auika chitsulo Loweruka. Panopa aupachika m'mwamba ndi chingwe ngati nyama ya pa butchala. Wa bedi loyandikana nane amaliza mkonono kuposa injini, ndiye ndikumva ngati ndili kunyumba.

Zimene mwamvazo ndi zoona. Ndinasayina ndine ndisanagwe, ndinangoiwala kukuuzani. Mwana uja wandivutitsa kokwanira, ndayesa zonse zakanika, bola apite kwa anthu odziwa. Za mayi musade nazo nkhawa, n'zoona watopa koma apirirabe mpaka mvula ithe. Abwana anandilonjeza kuti adzandipezera wina wamphamvu.

Koma inu mwayamba liti kutsata zimenezi? Si zoti zizikusowetsani mtendere, n'za ife amuna. Tsikulo anthuwo akadzafika mudzangowatsegulira geti, mudzawapatseko ndi madzi akumwa.

Anapiyewo muziwatsekera, kuli mphamba. Mundipsompsonere Katsitsi.

Ndine mwamuna wanu.

*

Ku mapampu
Lachinayi, 6 Malichi

Achemwali,

Moni. Werengani kalata ndaikamoyi, ndi dzanja la alamu anu lenileni. Ndaiwerenga kanayi. Mwina sukulu yanga ndi yochepa, mundiuze ngati pali pena sindinamve. Akuti wina wamphamvu. Akuti abwana adzawapezera. Akuti ndiwapatse madzi akumwa! Ndiye pamapeto akuti ndim'psompsone mwana yemweyo. Munthu mmodzi angalembe zonsezi pa pepala limodzi? Kapena ndi mankhwala akuwapatsawo?

Adalaivala asanafike ndinalimba mtima, ndinawaimitsa bambo a ku nambala 2 pa geti. Bambo amenewa makutu anatha ndi phokoso la makina, umachita kukuwa. Ndinati, "Bambo, ndichitireni chifundo, mwana musam'tenge!" Anandiyang'ana ngati ndapenga. Akuti, "Mayi, mukulirira chiyani? Akam'tenga ameneyo abweretsa wina watsopano. Simudzaona n'kusiyana komwe."

Achemwali, kodi ndine ndazungulira mutu kapena ndi dziko?

Chifuwa cha Katsitsi chayamba kulira. Kuchipatala chaching'ono ndi kutali, ndipo ndikuopa kuti ndikapita adzalemba m'buku kuti mwana ndi woonda, ndiye ukhala umboni wawo. Pitani mukawaone alamu anu, mukawayang'ane m'maso. Galimoto ikuliza hutala.

Mng'ono wanu.

*

Pa shopu
Lamulungu, 9 Malichi

Mng'ono wanga,

Tili bwino tonse, kaya iwe ndi kamwanako. Bulangete ndatumiza, lili ndi chigamba pakona koma ndi lofunda.

Ndapitako lero masana. Ndikuuze zoona, ndinanyamuka ndi mtima woti mwina sunamvetse, paja iwe kuyambira uli wamng'ono umamva galu akauwa n'kunena kuti watchula dzina lako. Ndinawapeza atagona, chitsulo anawaika dzulo, maso ali lambalamba ndi mankhwala. Sindinakhale ndi pansi pomwe.

Ndinati, "Alamu, nkhani ya mwana wa pa nambala 3 ndiimve bwino."

Akuti, "Aa, alamu, nanunso yakupezani? Ameneyo ngwopita basi."

Ndinati, "Mukum'pereka mwana wanu ngati thumba la makala?"

Akuti, "Wanga? Si wanga ameneyo, alamu. Ndi wa kampani. Ine pobwera ndinam'peza alimo kale."

Mng'ono wanga, wodi yonse inatembenuka kutiyang'ana. Ndinati, "Mwati chiyani?" Akuti, "Funsani aliyense. Amene anamuika ndi akapitawo akale aja."

Sindikumbuka zonse zimene ndinanena. Ndikukumbuka kuti botolo la madzi linagwa, bambo wina wa bandeji kumutu amakuwa kuti "M'menyeni!", ndipo anesi awiri ananditulutsa atandigwira uku ndi uku. Nsapato yanga imodzi yatsala komweko.

Tsono ndikufunse ngati mkulu wako, usandibisire. Akapitawo akalewo ukuwadziwa? Ine sindikukhulupirira, paja Katsitsi mphuno ndi ya bambo ake yeniyeni, koma ndiyenera kufunsa.

Usadikire Lachisanu. Lachinayi ukwere galimoto ya mafutayo, ubwere kuno. Ugona pansi pa tebulo lodulira nsalu, malo alipo. Akafuna mwana adzayambe ndi ine, sizasi ndili nazo zitatu.

Ndine mkulu wako.

*

Kuchipatala
Lolemba, 10 Malichi

Mayi a Katsitsi, mkazi wanga,

MWANA NDI PAMPU. Ndayamba ndi zimenezi kuti musavutike kuwerenga zambiri.

M'nyumba ya makina muli mapampu awiri. Yaikulu timaitcha mayi, yaing'ono timaitcha mwana. Mayinawa anayamba ife tisanabadwe, ndipo pa foni ija palibe amene amati pampu. Yaing'onoyo ndiyo ikutentha n'kumalira, ndiyo ndinasayinira kuti ikakonzedwe. Ine wathuyu ndimangoti Katsitsi, ndiye mutalemba kuti mwana, mutu wanga unathamangira ku chitsulo. Ndine chitsiru, ndavomera.

Ndazindikira lero mankhwala atatha m'mutu. Wa bedi loyandikana uja wandifunsa kuti, "Achimwene, mwana wa kampani amakhala bwanji? Amalandira penshoni?" Ndiye wandibwerezera zonse zimene ndinawauza alamu dzulo. Ndinafuna kudzuka, ndaiwala kuti mwendo uli ndi chitsulo, ndakuwa mpaka anesi abwera.

Galimoto ya lero yandiphonya, kalatayi ifika Lachinayi. Ndaimbira ku ofesi pa foni yanga ya m'manja kuti akuimbireni pa yapakhomayo. Akuti apukusa katatu katatu mpaka mkono kuwawa, simukuyankha. Ndikudziwa ndinakuletsani ndine. Tsopano ndikukupemphani, igwireni. Ndawauzanso atume bambo a ku nambala 2 akuuzeni kuti musade nkhawa. Alamu sakuyankha foni yanga. Nsapato yawo ili pansi pa bedi langa.

Musapite kulikonse ndi mwana wodwala, chonde. Ndikuti Katsitsi.

Mwamuna wanu.

*

Kuchipatala chaching'ono
Lachisanu, 14 Malichi

Bambo a Katsitsi,

Moni. Mwendo uli bwanji? Kalata yanu ya Lolemba ndailandira lero. Yabwera ndi galimoto yomweyo yodzatenga mwana. Ndilemba zonse mwandondomeko kuti mudziwe sabata imene ndakhala nayo.

Lolemba ndinalandira kalata ya achemwali. Akapitawo akalewo ine sindinawaonepo n'kamodzi komwe, anachoka ndisanabwere, koma ndinakhala pansi n'kumawerenga miyezi ndi zala ngati kuti mwina ndalakwitsa ndine. Masana foni inayamba kulira katatu katatu. Ndinati akufuna adziwe ngati ndikadalipo. Ndinaikulunga ndi thaulo kuti isadzutse mwana, imalirabe m'kati ngati nkhuku yomwe ili m'thumba.

Lachiwiri bambo a ku nambala 2 anagogoda pa zenera. Sindinatsegule. Anakuwa kuti, "Mayi! Uthenga wochokera kwa amuna anu! Akuti musathawe!" Inu mukuti munati ndisade nkhawa. Makutu a bambo aja mukuwadziwa.

Lachitatu ndinamanga katundu. Zovala za Katsitsi, khadi lake la kusikelo, bulangete la achemwali, kapu. Lachinayi ndinakhala pa geti kuyambira m'mawa kudikira galimoto ya mafuta. Siinabwere. Sindimadziwa kuti aphatikiza ulendo ndi wa lero, ine ndinati anditsekera dala. Ndinabereka mwana, ndinayamba kutsata paipi wapansi kuti ndikatulukire ku msewu waukulu, paja munati ndi maola anayi. Nditafika pa kamlatho kachitsulo, madzi anali akudutsa pamwamba, ofiira. Ndinavula nsapato. Ndinaponda phazi limodzi. Katsitsi anatsokomola kumbuyoku, chifuwa chija chouma, ndipo ndinamva kutentha kwake kudutsa nsalu. Ndinaima pamenepo sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Kutsogolo madzi, kumbuyo anthu. Ndinabwerera.

Nditalowa m'nyumba mantha anali atasanduka ukali. Ndinachotsa thaulo lija, ndinagwira kachogwirira n'kupukusa osawerenga, osati kawiri, osati katatu, kungopukusa mpaka phewa kuwawa. Ndinamva akunyamula mmodzimmodzi, khwa, khwa, khwa. Wina akuti, "Damu laphulika?" Wina, "Moto uli kuti?"

Ndinati, "Ndine mayi uja mukuti watopa."

Sindinadikire yankho.

Ndinati, "Inde ndatopa, ndani sangatope? Koma mwana ndinabereka ndekha, masiku awiri ndikubuula, kampani kunalibe. Woonda yemweyo ndi wanga. Mawa mukabwera mubwere ndi apolisi, ndipo madzi akumwa sindikupatsani."

Akapitawo anati, "Mayi, mukuyankhula ndinu ndani?"

Ndinati, "Wa pa nambala 3. Amene mudzandichotse mvula ikatha."

Kenako ndinamva mawu a mzimayi, sindimadziwa kuti pa waya umenewu pamakhalanso azimayi. Anali akazi a bambo a ku damu. Anakuwa kuti, "Mayo ine! Nayenso yamugwira! Amuna inu, ndinakuuzani kuti mayina amenewa adzapha munthu!" Ndiye anayamba kuseka, kuseka kokhala ngati kulira. Akuti, "Mwana wanga, ndi mapampu! Ine chaka changa choyamba ndinamva kuti mayi wa ku damu amumasule m'mimba, ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Ndinakabisala m'munda tsiku lonse."

Amuna onse anayamba kuyankhula nthawi imodzi. Bambo a ku nambala 2 amangofunsa kuti, "Akuti chiyani? Akuti chiyani?" Ine sindinakhulupirire. Ndinati anthuwa agwirizana. Koma mayi aja anawakalipira onse kuti atsike pa foni, tinatsala awiri. Anandifunsa za Katsitsi. Ndinam'bweretsa pafupi kuti amve kupuma kwake. Kuseka kunatha. Anati, "Ameneyu mawa akwere galimoto yomweyo apite kuchipatala, osadikira. Mwachedwa naye chifukwa chiyani?"

Lero abwera anthu anayi ndi unyolo. Ndinaima pakhomo mwana ali kumbuyo, ndam'manga mfundo ziwiri. Akapitawo anavula chipewa, anati, "Mayi, tiyeni mukaone ndi maso." Aka kanali koyamba kulowa m'nyumba ya makina ija. Pa chitsulo chachikulu analembapo ndi penti yoyera MAYI. Pa chaching'ono MWANA. Chaching'onocho chinali chakuda ndi mafuta, chikudontha. Ndinachigwira. Chinali chotentha ndithu.

Madzi akumwa ndinawapatsa.

Ndikulemba ndili pa benchi ya chipatala chaching'ono. Tabwera tonse, mwana wawo kumbuyo atam'manga ndi zingwe, wanga kutsogolo pamiyendo. Anesi akuti ndi chibayo chongoyamba kumene, am'baya jakisoni, tigona kuno masiku atatu. Akuti tikanachedwa masiku ena awiri bwenzi tikukamba zina. Za kuonda sanalembe mlandu uliwonse, angondiuza zoti ndizim'patsa.

Anthu onse akuseka, adalaivala aseka njira yonse. Inenso ndasekako. Koma pali chimene sichikundiseketsa, ndipo ndikufuna muchimve. Nditawerenga kuti munasayina, ndinadabwa, ndinalira, koma sindinanene kuti amuna anga sangachite zimenezi. Ndinakhulupirira tsiku lomwelo. Mukudziwa chifukwa chake. Tsiku lija amayi anu ananena kuti adzam'tenga Katsitsi, ine ndinayang'ana inu, inu munayang'ana tochi. Za pampu zatha. Za amayi anu sizinathe, ndipo amene aja si chitsulo.

Ndiye ndifunsanso funso lomwe lija, pano ndilemba bwinobwino kuti pasakhale kusokoneza. Katsitsi, mwana wathu wamkazi wa miyezi isanu ndi inayi, wa tsitsi lambiri ndi mphuno yanu, alipo amene adzam'tenge kwa ine?

Ndine mayi ake.

*

Kuchipatala
Lamulungu, 16 Malichi

Mayi a Katsitsi,

Adalaivala andibweretsera kalata yanu okha mpaka pa bedi. Pa kamlatho paja ndawerenga kamodzi, sindikutha kubwerezanso. Katsitsi wadzuka bwanji? Akuyamwa? Mundiuze zonse, ngakhale zazing'ono.

Alamu anabwera dzulo kudzatenga nsapato yawo. Sanapepese, akuti munthu wosadziwa kusiyanitsa mwana ndi makina sapepesedwa. Wodi yonse yagwirizana nawo.

Lero kunabwera amayi. Nkhani anaimva kale, anafika akuseka. Atakhala pansi anati, "Waona? Mkazi wothawa ndi mwana wodwala chifukwa cha foni. Ukatuluka muno mdzukulu wanga ndikukam'tenga." Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe choti ndikonze, ndipo ndi mwendo uwu sindikanatha kutuluka panja. Ndinati, "Amayi, Katsitsi ali ndi mayi ake. Kudzamuona mudzabwera tsiku lililonse mungafune, koma kum'tenga ayi. Lero ayi, ndikatuluka ayi, akadzasiya bere ayi." Mawu anatuluka onse. Anati ndibwereze. Ndinabwereza mokweza, mpaka bambo wa bandeji kumutu anati, "Tamva tonse, ndife mboni."

Ndiye yankho lanu ndi limenelo. Palibe.

Amayi anaimirira osatsanzika. Chakudya chimene anabwera nacho abwerera nacho, ndi mbale zomwe. Wa bedi loyandikana wandigawira nthochi imodzi.

Ndine bambo ake.